Kalimidwe ka Magalagadeya ndi Kagwiritsidwe Ntchito ka Masamba Ake Ngati Mankhwala

Anthu ambiri amadziwa magalagadeya chifukwa cha chipatso chake chonunkhira ndi chowawasa pang'ono, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti masamba a chomera choyangachi akhala akufulidwa ngati tiyi kwa zaka zambiri pofuna kuthandiza munthu amene mtima wake sukukhazikika kapena amene akuvutika kupeza tulo. Amene amamva za mankhwalawa nthawi zambiri amathamangira kuthyola masamba paliponse pamene awaona, osafunsa kuti ndi amtundu wanji ndiponso kuti anapoperedwa chiyani. Ine ndimaona kuti munthu wofuna masamba a magalagadeya ngati mankhwala ayenera kuyamba wadzilimira yekha chomeracho, chifukwa ndi mlimi yekha amene amadziwa bwinobwino mtundu umene wabzala, zimene wathira m'nthaka, ndi tsiku limene anapopera komaliza.

Choyamba, dziwani mtundu umene muli nawo

Banja la zomerazi limatchedwa Passiflora ndi akatswiri, ndipo lili ndi mitundu yoposa 500, yambiri mwa iyo yochokera ku mayiko otentha a ku America. Mtundu umene umalimidwa kwambiri chifukwa cha zipatso ndi Passiflora edulis, umene kwawo ndi kumwera kwa Brazil, ku Paraguay ndi kumpoto kwa Argentina, ndipo mpaka lero dziko la Brazil ndilo limakolola magalagadeya ambiri kuposa mayiko ena onse. Mtunduwu uli pawiri. Pali wa zipatso zofiirira modera, zocheperako koma zotsekemera ndi zonunkhira kwambiri, umene umakonda malo okwera ndi ozizirirapo. Ndipo pali wa zipatso zachikasu, zikuluzikulu ndi zowawasa kwambiri, umene umakondwa m'malo otsika ndi otentha komanso umapirira matenda a m'nthaka kuposa mnzakeyo. Mukabzala wofiirira m'chigwa chotentha kwambiri, maluwa amayoyoka ndipo chomera chimafa msanga, pamene wachikasu mukaubzala kumalo kozizira umakula mozengereza ndipo umachedwa kubereka.

Palinso mtundu wachitatu umene muyenera kuudziwa ngakhale simuulima, chifukwa nkhani zambiri za mankhwala zimachokera pa iwo. Umenewu ndi Passiflora incarnata, wa kum'mwera chakum'mawa kwa United States, umene anthu oyamba kukhala m'dzikolo ankaugwiritsa ntchito kalekale. Kafukufuku wambiri wa ku Ulaya anachitika pa mtundu umenewu, osati pa magalagadeya a zipatso. Komabe buku la boma la mankhwala ovomerezeka la dziko la Brazil limatchula masamba a Passiflora edulis pamodzi ndi a Passiflora alata, ndipo kumeneko amagwiritsidwa ntchito yofananayo yokhazika mtima pansi. Mitundu ina yonse, makamaka yomera yokha m'tchire ndi yobzalidwa chifukwa cha kukongola kwa maluwa, musaifule konse, chifukwa ina ili ndi poizoni wochuluka m'masamba ndi m'zipatso zosapsa.

Dzina lakuti Passiflora lili ndi mbiri yake, ndipo kuidziwa kumathandiza pa ntchito imene tikambe kutsogoloku. Amishonale a ku Spain atafika ku America ndi kuona duwali, anati likuonetsa masautso a Khristu: timphonje tozungulira pakati anatifanizira ndi chisoti chaminga, timatumba tisanu ta mungu anati ndi mabala asanu, ndipo timitu titatu tolandira mungu, timene timakhala pamwamba penipeni, anati ndi misomali itatu. Sungani m'maganizo timatumba tisanuto ndi timitu titatuto, pakuti kubereka konse kwa chomerachi kumadalira kuti mungu uchoke pa tisanu n'kukafika pa titatu.

Kukonza mbewu ndi kufesa

Sankhani zipatso zakupsa bwino kuchokera ku chomera chathanzi, chobereka kwambiri, chimene masamba ake ndi osakwinyika ndiponso opanda mawangamawanga achikasu. Dulani chipatso pakati, kokolani njere pamodzi ndi madzi ake, ndipo muziike m'kapu kapena m'botolo losatseka kwa masiku atatu kuti zisase. Kusasako kumafewetsa kathumba koterera kamene kamakuta njere iliyonse, ndipo mukatsuka ndi madzi oyera kathumbako kamachoka mosavuta. Njere zimene zikuyandama pamwamba pa madzi muzitaye chifukwa zambiri mwa izo zimakhala zopanda kanthu m'kati. Zotsalazo muziyanike pamthunzi kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo muzifese msanga, chifukwa njere zatsopano zimamera pakatha masabata awiri kapena atatu pamene zokhalitsa zimachedwa kwambiri ndipo zambiri sizimera n'komwe.

Fesani m'machubu odzazidwa ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owolerana bwino ndi mchenga pang'ono, njere ziwiri kapena zitatu pa chubu chilichonse, mozama pafupifupi sentimita imodzi. Zikamera, siyani mbande imodzi yamphamvu. Nazale ikhale ndi mthunzi wopepuka, ndipo muzithirira mokwanira kuti dothi likhale lachinyontho koma losachita matope. Mbande zimakhala zokonzeka kuwokera zikafika masentimita 20 mpaka 30, zimene zimatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo sabata yomaliza muzichepetse mthunzi ndi madzi kuti zizolowere dzuwa.

Ngati malo anu ndi oyenera mtundu wofiirira koma nthaka yake inaphapo magalagadeya ndi matenda ofotetsa, njira yabwino ndi kumezanitsa. Mbande ya mtundu wachikasu ikafika kukula ngati pensulo, iduleni pamtunda wa masentimita 20 kapena kuposerapo kuchokera pansi, ing'ambeni pang'ono pakati, ndipo mulowetsemo nsonga ya mtundu wofiirira imene mwaisongola mbali ziwiri ngati nkhwangwa. Mangani ndi kapulasitiki kofewa kuti mpweya ndi madzi zisalowe, ndipo pakatha masabata atatu kapena anayi ziwirizo zimakhala zitagwirana. Mukadzawokera, polumikizirapo pakhale pamwamba ndithu pa nthaka, chifukwa pakakwiriridwa, mtundu wofiirirawo umatulutsa mizu yakeyake ndipo ntchito yonse ya kumezanitsa imapita pachabe.

Malo, maenje ndi thandala

Chinthu chimene magalagadeya amadana nacho kwambiri ndi madzi odikha. Mizu yake siipita pansi kwambiri, ndipo ikakhala m'matope kwa masiku ochepa chabe imayamba kuwola, tsinde n'kuda pamene lakhudzana ndi nthaka, chomera chonse n'kufota ngakhale chinali chodzaza ndi zipatso. Pa chifukwa chimenechi sankhani malo amene madzi amalowa pansi msanga, owala dzuwa tsiku lonse, ndi otetezeka ku mphepo yamphamvu. Ngati mukukayika, kumbani dzenje lakuya theka la mita, lidzazeni madzi, ndipo mukabwere m'mawa mwake. Mukapeza madzi adakalimo, fufuzani malo ena kapena muunde mitumbira yaitali yoti mubzalepo. Nthaka yowawasa pang'ono, ya pH ya pakati pa 5.5 ndi 6.5, ndiyo yabwino.

Kumbani maenje a masentimita 45 mpaka 60 m'lifupi ndi kuya komwe, motalikirana mamita atatu mumzere, ndipo mizere italikirane mamita awiri kapena atatu. Dothi lapamwamba muliike padera, mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owolerana, kenaka mulibwezere m'dzenje kudakali masabata awiri kapena atatu kuti muwokere. Manyowa aawisi, makamaka zitosi za nkhuku, amawotcha mizu yanthete, choncho musawathire asanawole.

Thandala limangidwe mbande zisanalowe m'munda, osati pambuyo pake, pakuti kukumba maenje a mitengo pafupi ndi chomera chimene chagwira kale kumadula mizu. Zikani mitengo yolimba yotalika pafupifupi mamita 2.7, yolowa pansi masentimita 60, motalikirana mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mukoke waya wokhuthala pamwamba pake, pamtunda wa mamita awiri. Mitengo ya kumapeto kwa mzere ikhale yokulirapo ndipo muichirikize, chifukwa chomera chikakula n'kudzaza zipatso, kenaka n'kuvumbwa ndi mvula, chimalemera modabwitsa, ndipo thandala likagwa simungalidzutse popanda kuthyola nthambi. Mbali ya mtengo yolowa pansi muiteteze ku chiswe. Ngati mukubzala chomera chimodzi kapena ziwiri zokha, mpanda wa waya wolimba ukhoza kukwanira, koma musachilole kukwera mumtengo wa zipatso, chifukwa chimauphimba ndipo masamba ndi maluwa zimakathera kumwamba kumene simungafikeko.

Kuwokera ndi kulondolera chomera

Wokerani kumayambiriro kwa nyengo ya mvula, madzulo kapena tsiku la mitambo. Ng'ambani chubu mosamala kuti dothi lisagumuke, ikani mbande mozama monga mmene inalili m'chubumo, tsenderani dothi, ndipo thirirani nthawi yomweyo. Pafupi ndi mbande iliyonse zikani kamtengo kapena mangani chingwe chofika ku waya.

Apa ndi pamene alimi ambiri amalekerera, ndipo amadzanong'oneza bondo pakatha chaka. Chomerachi chikasiyidwa chokha chimatulutsa nthambi zambirimbiri zimene zimagwirana ndi tizingwe take topotana, n'kupanga chiyangoyango chothithikana chimene m'kati mwake simulowa dzuwa kapena mphepo, ndipo m'menemo ndi mmene matenda amayambira. Choncho lolani tsinde limodzi lokha kuti likwere, ndipo mphukira zonse za m'mbali muzizichotsa sabata iliyonse zidakali zazing'ono zoti n'kutsina ndi chala. Tsinde likafika pa waya, tsinani nsonga yake kuti litulutse nthambi ziwiri, imodzi muilondolere kumanja ndipo inayo kumanzere, mukuizungulizira pa waya mosakoka. Kuchokera pa nthambi ziwirizi mudzatuluka nthambi zina zimene muyenera kuzilola kulendewera pansi ngati nsalu yotchinga pazenera, ndipo zimenezi ndizo zimabereka. Muzizimasula zikagwirana, podula tizingwe topotanato, ndipo zikatsala pang'ono kukhudza nthaka muzidule pamtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri.

Maluwa amatuluka pa mphukira zatsopano zokha. Nthambi imene yabereka kale siidzaberekanso pamalo omwewo, motero mukamaliza kukolola muidule n'kusiya mfundo ziwiri kapena zitatu pafupi ndi waya, kuti pamenepo paphuke ina. Mpeni kapena sizasi yodulira muziitsuka ndi madzi a jiki kapena sipiriti musanachoke pa chomera china kupita pa china.

Za madzi ndi chakudya sizifuna mawu ambiri. Thirirani mokwanira kawiri kapena katatu pa sabata m'nyengo yopanda mvula, makamaka pamene maluwa akutuluka ndi pamene zipatso zikukula, chifukwa chomera chikamva ludzu pa nthawi imeneyi zipatso zimakwinyika n'kugwa zisanakhwime. Phimbirani nthaka ndi udzu wouma, koma musiye mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde kuti lisawole. Popalira gwiritsani ntchito manja pafupi ndi chomera, osati khasu. Onjezerani manyowa kawiri pa chaka, ndipo ngati mukuthira feteleza, samalani ndi wa nayitirojeni wambiri, amene amabiriwiritsa masamba koma maluwa n'kukhala ochepa. Chomera chimene chayamba kubereka chimafuna potaziyamu wokwanira.

Maluwa ambiri, zipatso palibe

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti chomera chachita maluwa ochuluka koma onse akungoyoyoka. Zinandichitikirapo ine ndemwe pamene ndinabzala chomera chimodzi chokha cha mtundu wachikasu: chinakula mosangalatsa, chinadzaza maluwa nyengo yonse, koma sichinagwire chipatso ndi chimodzi chomwe, ndipo ndinataya nthawi ndikuwonjezera manyowa poganiza kuti vuto ndi njala. Chifukwa chenicheni n'chakuti mtundu wachikasu sulandira mungu wa chomera chomwecho, ndipo umafuna mungu wochokera ku chomera china chimene chinamera ku njere ina. Zomera ziwiri zochokera ku nthambi za kholo limodzi zili ngati chomera chimodzi pa nkhani imeneyi. Mtundu wofiirira ulibe vuto limeneli, ngakhale kuti nawonso umabereka bwino ukalandira mungu wambiri.

Mungu wa magalagadeya ndi wolemera ndi womata, moti mphepo siingaunyamule. Amene amagwira ntchitoyi bwino ndi bemberezi, njuchi yaikulu yoboola mitengo youma. Mukaima pafupi ndi duwa n'kuyang'anitsitsa, mudzaona bemberezi akutera pa timphonje tija n'kumazungulira pofuna timadzi totsekemera ta pakati, ndipo pamene akuzungulira msana wake umakhula timatumba ta mungu mpaka kuchita chikasu. Akafika pa duwa lina, timitu titatu tija, timene timakhala titaweramira pansi, timakhudza msanawo. Njuchi za uchi n'zazing'ono, ndipo kawirikawiri zimangotenga mungu n'kuchoka osakhudza timitu tolandira. N'chifukwa chake ndi nzeru kusiya zipika zouma za mtengo wofewa pafupi ndi munda kuti bemberezi aboole n'kukhalamo, ndiponso kupewa kupopera mankhwala ophera tizilombo pa nthawi imene maluwa ali otsegula.

Kumene bemberezi ndi osowa, ntchitoyi muigwire ndi manja. Duwa lililonse limatsegula tsiku limodzi lokha. La mtundu wofiirira limatsegula m'mamawa, pamene la mtundu wachikasu limatsegula cha masana n'kutseka usiku. Dikirani mpaka timitu titatu titawerama, khudzani timatumba ta mungu ndi nsonga ya chala kapena kaburashi kofewa mpaka chala chichite chikasu, kenaka pitani pa duwa la chomera china n'kupaka mungu pa timitu tonse titatu. Musachite zimenezi mvula ikuwopseza, chifukwa mungu ukanyowa pasanathe maola awiri mutaupaka, umaphulika n'kuwonongeka. Mungu ukachuluka njere zimachulukanso, ndipo popeza madzi a chipatso amakhala m'timatumba tokuta njere, chipatso cha njere zambiri ndicho chimalemera ndi kukhala ndi madzi ambiri.

Matenda ndi kukolola zipatso

Matenda oopsa kwambiri ndi a vairasi amene amalimbitsa chipatso ngati mtengo. Masamba amakwinyika n'kuchita mawanga achikasu, zipatso zimakhala zazing'ono ndi zopindika, chikopa chimakhuthala, ndipo m'kati mumakhala madzi ochepa. Amafalitsidwa ndi nsabwe za zomera komanso zida zodulira, ndipo alibe mankhwala, choncho chomera chodwala muchizule n'kuchiwotcha msanga, ngakhale mtima ukuwawa. Matenda ofotetsa aja, amene akatswiri amawatcha Fusarium, amakhala m'nthaka kwa zaka zambiri, ndipo mukang'amba tsinde la chomera chofota mumapeza m'kati mwake mwasanduka mofiirira. Pamalo amenewo musabzalenso magalagadeya osamezanitsa. Mawanga ofiirira a pamasamba ndi pazipatso amachuluka m'nyengo yachinyezi, ndipo amachepa mukamadulira bwino ndi kutola masamba ogwa. Ntchentche zoboola zipatso zimachepa mukamatola ndi kukwirira zipatso zowonongeka.

Zipatso zoyamba zimabwera pakatha miyezi 6 mpaka 12 kuchokera pa kuwokera, ndipo kuchokera pa duwa kufika pa chipatso chakupsa pamapita masiku 60 mpaka 80. Chipatso chakupsa chimagwa chokha, choncho muzitola m'mawa uliwonse dzuwa lisanachiwambe. Chikakwinyika pang'ono pakhungu sikuti chawonongeka. Nthawi imeneyo ndi pamene chimatsekemera kwambiri. Pa magalamu 100 a zam'kati mwa chipatso chofiirira, pamodzi ndi njere zake, mumakhala vitamini C pafupifupi mamiligalamu 30 ndi magalamu 10 a zakudya zothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino, kuphatikizapo potaziyamu ndi vitamini A. Zipatso zaziwisi zobiriwira musadye ndipo musalole ana kuzidya, chifukwa zimakhala ndi mankhwala achilengedwe amene amatulutsa poizoni wa sayanaidi, amene amachepa kwambiri chipatso chikapsa.

Kukolola ndi kuyanika masamba

Tsopano tifike pa mankhwala. Patulani chomera chimodzi kapena ziwiri zimene simudzazipopera mankhwala ophera tizilombo kapena a matenda, ndipo zikhale patali ndi zimene mumapopera, kumbali kumene mphepo imachokera. Masamba amatengedwa chomera chitakhwima, makamaka pa nthawi ya maluwa, m'mawa mame atauma. Sankhani masamba okhwima, obiriwira bwino, opanda mawanga ndi osadyedwa ndi tizilombo, ndipo musathyole oposa gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba onse pa nthawi imodzi. Nthawi yodulira ndi yabwino kwambiri pa ntchito imeneyi, chifukwa nthambi zathanzi zimene mukanataya zimakupatsani masamba okwanira miyezi ingapo. Mizu musaigwiritse ntchito.

Tsukani masamba ndi madzi oyera, akung'untheni, ndipo muwayale mosasanjikiza pa nsalu yoyera kapena pa sefa, pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lachindunji limawayeretsa ndi kuwononga mphamvu yake. Muziwatembenuza tsiku lililonse mpaka atauma moti mukafinya tsamba m'manja likuphwanyika ndi kaphokoso, koma likadali lobiriwira. Masamba amene ada, amene achita nkhungu, kapena amene akununkha chinyontho muwataye onse osawaumira. Oumawo muwaphwanye pang'ono, muwasunge m'botolo louma lotseka bwino pamalo amdima, mulembepo tsiku, ndipo muwagwiritse ntchito chaka chisanathe. Kuyanika sikongofuna kuti masamba asungike ayi. Masamba aawisi ali ndi mankhwala aja otulutsa sayanaidi, ndipo kuyanika pamodzi ndi madzi otentha kumawachepetsa, n'chifukwa chake simuyenera kutafuna masamba aawisi kapena kumwa madzi ofinyidwa kuchokera ku masamba osinja.

Kafulidwe ka tiyi ndi muyezo wake

Bungwe loona za mankhwala la mayiko a ku Ulaya, la European Medicines Agency, limavomereza Passiflora incarnata ngati mankhwala azitsamba ogwiritsidwa ntchito kuyambira kale pochepetsa nkhawa yaing'ono ndi pothandiza kugona, kwa akuluakulu ndi achinyamata a zaka zoposa 12. Muyezo umene limatchula ndi galamu imodzi kapena awiri a zouma m'mamililita 150 a madzi owira, kamodzi mpaka kanayi pa tsiku. Kwa amene akugwiritsa ntchito masamba a magalagadeya a zipatso, ine ndimalangiza kuti asapitirire muyezo womwewo pa kapu imodzi, ndipo ayambe ndi kapu imodzi yokha pa tsiku. Ngati mulibe sikelo, supuni yaing'ono ya tiyi yodzaza bwino ndi masamba ophwanya ndi poyambira pabwino.

Ikani masamba m'kapu, thirani madzi amene angowira kumene, vundikirani, ndipo dikirani mphindi 10. Sefani ndi kumwa akadali ofunda. Ngati cholinga ndi tulo, imwani kudakali theka la ola kapena ola limodzi kuti mukagone, ndipo tsiku loyamba likhale loti m'mawa mwake mulibe ulendo kapena ntchito yofuna kukhala tcheru kwambiri, kuti muone mmene thupi lanu likuulandirira. Tiyi wotsala musamusunge kufikira tsiku lotsatira.

M'masambawa muli mankhwala achilengedwe a gulu la flavonoid, monga vitexin, isovitexin ndi orientin, ndipo akatswiri amaganiza kuti amagwira ntchito kudzera mu GABA, mankhwala a muubongo amene amachepetsa kuthamanga kwa mauthenga m'mitsempha. Ndiyenera kunena mosabisa kuti mphamvu yake ndi yofatsa, ndipo kafukufuku wochitika pa anthu ndi wochepa komanso wa magulu ang'onoang'ono. Mu 1978 bungwe la Food and Drug Administration la ku United States linaletsa kuti chomerachi chizigulitsidwa ngati mankhwala ogonetsa ogula popanda chilolezo cha dokotala, chifukwa panalibe umboni wokwanira woperekedwa wosonyeza kuti ndi othandiza ndi osavulaza. Choncho amene akukuuzani kuti masamba a magalagadeya amachiza matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu kapena khansa akukulonjezani zimene chomerachi sichinasonyeze kuti chingachite, ndipo munthu amene wasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha mawu otero amaika moyo wake pachiswe.

Amene sayenera kumwa

Mayi woyembekezera asamwe tiyi ameneyu, chifukwa pali nkhawa yakuti angachititse chiberekero kukungika, ndipo mayi woyamwitsa nayenso apewe. Ana osakwana zaka 12 asapatsidwe, ngakhale atakhala ovuta kugona. Munthu amene akumwa mankhwala ogonetsa, a nkhawa, a matenda a maganizo, a khunyu, kapena oletsa ululu amphamvu, ayambe wafunsa dokotala kapena wazamankhwala, popeza mphamvu zogonetsa zikaphatikizana zimatha kupyola muyezo. Pa chifukwa chomwecho musaphatikize tiyiyu ndi mowa, musayendetse galimoto kapena makina mutangomwa, ndipo ngati mukuyembekezera opaleshoni musiye kumwa kudakali masabata awiri komanso muwauze madokotala kuti mumamwa. Anthu amene thupi lawo limadana ndi mphira wachilengedwe, monga wa magolovesi a kuchipatala, nthawi zina amadananso ndi magalagadeya, choncho asamale ngakhale ndi chipatso chenichenicho.

Mukamva chizungulire, nseru, kusokonezeka mutu, kugunda kwa mtima kosazolowereka, kapena tulo topitirira mpaka masana, siyani kumwa nthawi yomweyo, ndipo zizindikirozo zikapitirira pitani kuchipatala mutatenga masambawo kuti akawaone. Ngati mwamwa kwa masabata awiri koma nkhawa kapena kusowa tulo sikukusintha, musawonjezere muyezo. Kusowa tulo kokhalitsa kumatha kuchokera ku ululu, ku matenda a chithokomiro, ku vuto la kupuma usiku, kapena ku matenda a kukhumudwa, ndipo zonsezi zimafuna kupimidwa. Munthu amene nkhawa yake yafika pomulepheretsa kudya ndi kugwira ntchito, kapena amene akuganiza zodzivulaza, afunika thandizo la achipatala tsiku lomwelo.

Chomera cha magalagadeya sichikhalitsa. Chimabereka bwino kwa zaka zitatu, mwina mpaka zisanu chikasamalidwa, kenaka zipatso zimachepa ndipo matenda amachuluka, masamba akenso n'kusiya kukhala oyenera kuyanika. Choncho m'chaka chachitatu fesani njere zatsopano kuchokera ku chomera chimene chakhala chathanzi kuposa zonse, ndipo mbandezo muziwokere pamalo ena, osati m'maenje akale, kuti pamene mukuzula zakalezo zatsopano zikhale zitafika kale pa waya.